Kodi Papa salakwa? Za makiyi a Petro ndi pamene mphamvu zake zimalekezera

Funso: Ndine mayi wa Chikatolika chibadwire, koma mnzanga wa kuntchito amene amapemphera mpingo wina wandisowetsa choyankha. Akuti ife timamuika Papa m'malo mwa Mulungu, timati salakwa, ndipo chilichonse chimene wanena timangovomera. Wandifunsanso kuti ngati salakwa, bwanji wina akalowa amasintha zimene mnzake anasiya? Ndithandizeni: mphamvu za Papa n'zotani kwenikweni, zinachokera kuti, ndipo zimalekezera pati?

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo mnzanuyo musamukwiyire. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya Mpingo ndakumana ndi Akatolika ambiri amene amaganiza za Papa chimodzimodzi ndi iyeyo, kungoti iwo amazinena monyadira pamene iye akuzinena modzudzula. Onsewo aphonya pa malo amodzi. Mphamvu za Papa n'zazikuludi, ndipo ukulu wake sindikubisirani. Koma ndi mphamvu za munthu amene wasungitsidwa makiyi a nyumba ya mwini wake. Mukaigwira mfundo imeneyi, mbali zonse za funso lanu ziyamba kumasuka.

Nkhani ya makiyiyi ili pa Mateyo 16. Simoni atavomereza kuti Yesu ndiye Khristu, Mwana wa Mulungu wamoyo, Yesu anamutcha Petro, kutanthauza thanthwe, nalonjeza kumanga Mpingo wake pa thanthwe limenelo ndi kumupatsa makiyi a Ufumu wakumwamba. Myuda wodziwa Malembo akanakumbukira msanga Yesaya 22, pamene kapitawo wa nyumba yachifumu, Sebina, akuchotsedwa pa udindo ndipo kiyi wa nyumba ya Davide akuikidwa pa phewa la Eliyakimu: iye akatsekula palibe wotseka, akatseka palibe wotsekula. Eliyakimu sanali mfumu. Mfumu inalipo, Hezekiya. Eliyakimu anali ndi ulamuliro weniweni pa zitseko zonse, koma nyumbayo sinali yake, ndipo sakanaigulitsa kapena kuigwetsa kuti amange ina ya kumtima kwake.

Muwerenge mutu womwewo mpaka pa vesi 23. Petro yemwe uja, atangolandira lonjezo, akuyesa kuletsa Yesu kupita ku mtanda, ndipo Yesu akumutcha Satana. Ndi yemweyo amene anadzamukana katatu. Pa Luka 22:32 Yesu sakumulonjeza kuti sadzagwa. Akuti wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisafe, ndipo akadzabwerera alimbikitse abale ake. Pa Yohane 21 akumuuza katatu kuti adyetse nkhosa, koma nkhosazo Yesu akuti "zanga". Liwu laling'onoli ine ndimaliona ngati malire oyamba a udindo wa Papa. Ndinenenso chilungamo kuti Akhristu a mipingo ina amati thanthwelo ndi chikhulupiriro chimene Petro anavomereza, kapena Khristu mwini, ndipo kawerengedwe kameneka sikachilendo: Augustine Woyera anakagwiritsapo ntchito, ndipo atakalamba analemba kuti wowerenga asankhe yekha. Komanso mphamvu ya kumanga ndi kumasula inapatsidwa kwa ophunzira onse pa Mateyo 18:18. Chimene Mpingo wa Katolika umagwiritsa n'chakuti makiyi anatchulidwa kwa Petro yekha, ndipo ntchito yosunga abale mu umodzi sikanafera limodzi ndi iye.

Nanga Roma ikubweramo bwanji? Petro ndi Paulo onse anaphedwera kumeneko m'nthawi ya mfumu Nero. Munthu amakhala Papa chifukwa ndi episkopi wa Roma, osati kuti amakhala ku Roma chifukwa ndi Papa. Ambiri sadziwa kuti tchalitchi chimene muli mpando wake wa uepiskopi si cha Petro Woyera chimene timachiona pa kanema, koma cha Yohane Woyera ku Lateran, mumzinda womwewo wa Roma. Cha m'ma 96 mpingo wa ku Roma unalembera wa ku Korinto kalata, yodziwika ndi dzina la Clement, mmodzi wa maepiskopi oyambirira a ku Roma, kuudzudzula chifukwa chochotsa atsogoleri ake. Cha m'ma 180 Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, analemba mndandanda wa maepiskopi a ku Roma kuyambira kwa atumwi, ngati umboni wakuti chiphunzitso choona sichinaduke. Patangopita zaka zochepa, Papa Victor, wochokera ku Africa, anafuna kudula ubale ndi mipingo ya ku Asia Minor chifukwa inkachita Pasaka pa tsiku losiyana ndi la ku Roma. Irenaeus yemweyo anamulembera kumupempha kuti asagawe Mpingo chifukwa cha tsiku. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa muli zonse ziwiri: episkopi wa Roma akudziwa kuti mawu ake amafika kutali, ndipo episkopi mnzake akudziwa kuti ali ndi ufulu womubweza.

Sindingakunamizeni kuti upapa wa masiku a Clement unkaoneka ngati wa lero. Unakula pang'onopang'ono, ndipo si zonse zimene zinamera pamenepo zinali za Mthenga Wabwino. Mu 451, pa msonkhano wa ku Chalcedon, maepiskopi atamva kalata ya Papa Leo I anafuula kuti Petro walankhula kudzera mwa Leo. Koma mipingo ya kum'mawa inkaona Roma ngati woyamba pakati pa abale, osati wolamula nkhani zawo za tsiku ndi tsiku, ndipo kusamvana kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zinabala kugawikana kumene timakukumbukira ndi chaka cha 1054. Kwa zaka mazana ambiri apapa analinso mafumu a chigawo chachikulu cha Italy, okhala ndi asilikali ndi misonkho. Dzikolo linalandidwa kotheratu mu 1870, ndipo pangano la ku Lateran la 1929 linawasiyira kadziko ka Vatican ka mahekitala 44 okha. Kwa ine, kutaya dziko kuja kunali dalitso. Kunachotsa katundu amene Petro sanapatsidwe.

Chaka chomwecho cha 1870, pa 18 Julayi, Msonkhano Woyamba wa ku Vatican, umene unali msonkhano waukulu wa maepiskopi, unavomereza chikalata chotchedwa Pastor Aeternus, ndipo mmenemo muli zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazisakaniza. Choyamba ndi mphamvu yolamulira. Chachiwiri ndi kutetezedwa ku kulakwa pophunzitsa. Anthu amakangana kwambiri pa chachiwiricho, chonsecho chimene chimakhudza moyo wa Mkatolika chaka ndi chaka ndi choyambacho.

Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa lamulo 331, likuti Papa ali ndi ulamuliro wapamwamba, wathunthu, wofika mwachindunji ndiponso wokhudza Mpingo wonse, ndipo angathe kuugwiritsa ntchito momasuka nthawi iliyonse. M'zochitika, ndiye amasankha kapena kutsimikiza maepiskopi, amakhazikitsa madayosizi atsopano, amaika malamulo okhudza Akatolika pafupifupi 1.4 biliyoni, amalengeza anthu kukhala oyera, ndipo msonkhano waukulu wa maepiskopi onse sungakhale wovomerezeka popanda iye. Lamulo 333 likuti chigamulo chake chilibe apilo. Lamulo 1404 likuti mpando woyamba, ndiye kuti wa Papa, suweruzidwa ndi munthu aliyense. Apa mnzanu uja ali ndi mfundo, ndipo musamutsutse.

Komabe episkopi wa dayosizi yanu si wantchito wa Papa. Msonkhano wa 1870 utatha, Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, ananena kuti maepiskopi asanduka zida chabe za Papa. Mu 1875 maepiskopi a ku Germany anamuyankha poyera kuti udindo wawo unakhazikitsidwa ndi Mulungu monganso wa Papa, ndipo Papa sangauthetse kapena kuumeza. Pius IX, yemweyo amene anatsogolera msonkhano uja, anavomereza yankho lawo. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, unabwereza kuti maepiskopi asaonedwe ngati oimirira Papa, pakuti m'madayosizi mwawo amalamulira m'dzina la Khristu. Mutu umodzi susenza denga: Papa ndi mutu wa gulu la maepiskopi monga Petro analili pakati pa khumi ndi awiri aja, m'kati mwa gululo, osati kunja kwake. Palinso mipingo 23 ya Chikatolika ya miyambo ya kum'mawa, yogwirizana kwathunthu ndi Papa, imene ili ndi malamulo akeake ndi mapemphero akeake. Ina mwa iyo imadzisankhira mtsogoleri wake kudzera mu sinodi, msonkhano wa maepiskopi ake, ndipo yambiri ili ndi ansembe okwatira.

Tsopano za kusalakwa. Liwu limeneli m'Chichewa limatisokoneza chifukwa "kulakwa" timanena pochimwa, pophonya masamu, ngakhale poweruza molakwika. Chiphunzitso cha 1870 sichinena kuti Papa sachimwa. Amapita kukalapa kwa wansembe monga inu ndi ine. Sichinena kuti nzeru zake n'zoposa za ena, kapena kuti zisankho zake zonse n'zabwino. Chikunena kuti Mzimu Woyera sadzalola kuti Papa amange Mpingo wonse ku chiphunzitso chonama, ndipo izi zimachitika pokhapokha zinthu zinayi zikakumana: akulankhula monga mbusa ndi mphunzitsi wa Akhristu onse, osati monga munthu payekha, nkhaniyo ndi ya chikhulupiriro kapena makhalidwe, akuigamula kotheratu, ndipo akuonetsa poyera kuti Mpingo wonse uyenera kuigwira. Uku ndiye kumatchedwa kulankhula ex cathedra, ndiye kuti kuchokera pa mpando. Lamulo 749 likuwonjezera kuti chiphunzitso chisatengedwe ngati chagamulidwa motere pokhapokha zikuonekeratu popanda chikaiko.

Kodi zachitika kangati? Zitsanzo zimene aliyense amagwirizana nazo ndi ziwiri. Mu 1854 Pius IX analengeza kuti Maria anatetezedwa ku tchimo lobadwa nalo kuyambira pamene mayi ake anatenga pathupi pake. Pa 1 Novembala 1950 Pius XII analengeza kuti Maria anatengedwa kupita kumwamba, thupi ndi mzimu. Apapa onse awiriwa anayamba alembera maepiskopi a dziko lonse kufunsa chimene iwo ndi akhristu awo amakhulupirira. Kuchokera 1950 mpaka lero palibe Papa amene walengeza chiphunzitso mwa njira imeneyi. Chiganizo chimene ndimafuna Mkatolika aliyense atachidziwa chili m'chikalata chomwecho cha 1870: Mzimu Woyera sanalonjezedwe kwa olowa m'malo mwa Petro kuti aulule chiphunzitso chatsopano, koma kuti asunge ndi kufotokoza mokhulupirika chimene atumwi anasiya. Ndi mpanda woletsa kugwera kuphompho, si gwero la mavumbulutso atsopano.

Kunja kwa mpanda umenewo, apapa alakwapo, ndipo Mpingo sukubisa. Paulo akunena yekha pa Agalatiya 2 kuti anamutsutsa Petro pamaso ku Antiokeya chifukwa anayamba kupewa kudya ndi Akhristu osakhala Ayuda. Papa Honorius I anatsutsidwa ndi msonkhano waukulu wa ku Constantinople wa 680 mpaka 681, iye atamwalira kale, chifukwa cha makalata ake amene analekerera chiphunzitso chonama chokhudza Khristu, ndipo Papa Leo II anavomereza chigamulocho. Nkhani ya Honorius inakambidwa kwambiri mu 1870, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mawu a chiphunzitsocho anaikidwira malire othina chotero. John XXII, kuyambira 1331, analalikira kuti mizimu ya olungama siona nkhope ya Mulungu mpaka tsiku la chiweruzo chomaliza. Akatswiri a zaumulungu anamutsutsa, iye anabweza mawu ake atatsala pang'ono kumwalira mu 1334, ndipo womulowa m'malo, Benedict XII, anagamula zosiyana ndi ulaliki uja mu 1336. Za makhalidwe ndiye musachite kufunsa: Alexander VI, amene anakhala Papa kuyambira 1492, anali ndi ana ndipo anagwiritsa ntchito udindo wake kukweza banja lake.

Zolakwa za kayendetsedwe ka Mpingo si zakale zokha ayi. Mu Novembala 2020 likulu la Mpingo linatulutsa lipoti lofotokoza momwe episkopi wa ku America, Theodore McCarrick, anakwerera mpaka kukhala kadinala ngakhale panali madandaulo a nkhanza zogonana. Lipotilo likuonetsa kuti John Paul II anamusankha kukhala mkulu wa arkidayosizi ya Washington mu 2000 atakhulupirira kalata yake yokana milanduyo. John Paul II ndi woyera wa Mpingo, ndipo pamenepa anaweruza molakwika, anthu n'kuvulala. Zimandipweteka kulemba zimenezi, koma amene amaphunzitsa akhristu kuti Papa sangaphonye pa chilichonse amawakonzera kugwa m'chikhulupiriro tsiku limene adzamve nkhani ngati iyi.

Funso lakuti bwanji wina amasintha za mnzake yankho lake lagona pa kusiyanitsa zinthu. Pali malamulo a mwambo amene Mpingo unadziikira wokha, ndipo amene ali ndi makiyi angawasinthe. Kale munthu wofuna kulandira Ukaristia ankasala chakudya kuyambira pakati pa usiku. Pius XII anachepetsa kufika maola atatu mu 1957, ndipo Paul VI anafikitsa pa ola limodzi mu 1964. Palibe amene analakwa pamenepo. Pali ziphunzitso zimene kamvedwe kake kamakula, monga za chilango cha imfa: John Paul II anati nthawi zoyenera chilangochi pafupifupi kulibe, ndipo mu 2018 Papa Francis anasintha ndime 2267 ya Katekisimu kunena kuti n'chosaloledwa. Akatswiri ena a Chikatolika amakanganabe ngati uku kunali kukula kapena kusintha, ndipo mkangano wotere ndi wololedwa. Ndiye pali maziko amene Papa aliyense sangawakhudze. Sangachotse buku m'Malembo Oyera, sangawonjezere sakramenti lachisanu ndi chitatu, sangathetse ukwati wa obatizidwa awiri umene unamangidwa moyenera iwo n'kukhalira pamodzi monga banja. Mfumu Henry VIII wa ku England anachotsa dziko lake mu ulamuliro wa Roma mu 1534 Papa Clement VII atakana kunena kuti ukwati wake woyamba unali wosamangika. Ndipo John Paul II polemba za unsembe wa amayi mu 1994 sananene kuti sakufuna. Anati Mpingo ulibe mphamvu yochita zimenezo. Kaya munthu akugwirizana naye kaya ayi, aone kalankhulidweko: ndi ka kapitawo amene akuti chitseko ichi kiyi wake sindinapatsidwe.

Benedict XVI ananena momveka pa ulaliki wake ku Lateran mu Meyi 2005 kuti Papa si mfumu imene maganizo ndi zofuna zake zimasanduka lamulo, koma ayenera kudzimanga iye mwini ndi Mpingo ku kumvera Mawu a Mulungu. Polemba buku lake lonena za Yesu wa ku Nazarete mu 2007, ananeneratu m'mawu oyamba kuti si chiphunzitso cha udindo wake ndipo aliyense ali ndi ufulu womutsutsa.

Apa ndikuchenjezeni mbali inayo, chifukwa masiku ano pa intaneti pachuluka Akatolika amene amati chilichonse chosagamulidwa ex cathedra angathe kuchitaya. Si choncho. Lumen Gentium ikupempha kuti chiphunzitso cha masiku onse cha Papa, monga cha m'makalata ake akuluakulu, tichilandire ndi mtima womvera, molingana ndi kulemera kwa chikalatacho ndiponso momwe nkhaniyo yabwerezedwera. Yankho limene wapereka kwa atolankhani m'ndege silifanana kulemera ndi kalata yopita ku Mpingo wonse. Mkatolika amayamba ndi kumvetsera ndi kufuna kumvetsa. Ngati pambuyo pa kuwerenga ndi kupemphera chinthu chikumuvutabe, lamulo 212 likumupatsa ufulu, nthawi zina udindo, wouza abusa maganizo ake mwaulemu. Catherine wa ku Siena, mayi amene sanali wansembe kapena wophunzira kwambiri, analembera Gregory XI makalata olimba omuuza kuti achoke ku Avignon, mzinda wa ku France kumene apapa ankakhala nthawi imeneyo, abwerere ku Roma, ndipo Papayo anabwerera mu 1377. Mpingo unadzamulengeza mayiyu kukhala woyera ndiponso mphunzitsi wa Mpingo.

Pali funso limodzi limene ndimavomera kuti ndi lolemera: nanga Papa akaipa, amuchotsa ndani? Malamulo a Mpingo alibe njira yomuchotsera. Kuyambira 1378 mpaka 1417 panali anthu awiri, kenaka atatu, aliyense akudzitcha Papa, ndipo zinatheka kukonzeka pa msonkhano wa ku Constance pamene Gregory XII anatula pansi udindo, enawo n'kuchotsedwa, Martin V n'kusankhidwa. Koma imeneyo inali nthawi yokaikitsa kuti Papa weniweni ndi uti. Chimene malamulo amalola ndi chakuti iye mwini atule pansi udindo mwaufulu, monga anachitira Benedict XVI mu Febuluwale 2013. Zimenezi zikutiphunzitsa kanthu kena: upapa si sakramenti. Palibe kudzozedwa kwina koposa kwa uepiskopi. Makadinala osakwana zaka 80 amasonkhana, wina akapeza mavoti awiri mwa atatu alionse n'kuvomera, ngati ndi episkopi kale amakhala Papa nthawi yomweyo. Ndi momwe makadinala 133 anasankhira Robert Prevost, wobadwira ku Chicago amene anatumikira zaka zambiri ku Peru, kukhala Leo XIV pa 8 Meyi 2025.

Zakuti timamuika m'malo mwa Mulungu, mwina mnzanuyo anamva dzina lakuti woimirira Khristu. Dzinali lilipodi, koma Lumen Gentium imalipereka kwa maepiskopi onse, ndipo woimirira si mwini. Mutu wa Mpingo ndi Khristu, monga akunenera Akolose 1:18. Dzina limene apapa akhala akulemba pamwamba pa zikalata zawo zikuluzikulu, lotchuka kuyambira kwa Gregory I amene anakhala Papa kuyambira 590 mpaka 604, ndi lakuti mtumiki wa atumiki a Mulungu. Apapa enieniwo akudziwa kuti udindo wawo umapweteka Akhristu ena. Paul VI anavomera mu 1967 kuti Papa ndiye chopinga chachikulu pa njira ya umodzi wa Akhristu, ndipo John Paul II, mu kalata yake ya Ut Unum Sint ya 1995, anapempha atsogoleri ndi akatswiri a mipingo ina kuti amuthandize kupeza njira yochitira utumikiwu imene onse angaizindikire ngati ntchito ya chikondi. Choncho mnzanuyo akamafunsa, akuyankha pempho limene Papa mwiniwake anapereka.

Ngati angalole, mupite naye ku Misa tsiku lina, ndipo mumuuze atchere khutu pa pemphero lalikulu la Ukaristia. Dzina la Papa limatchulidwa pamenepo, motsatana ndi la episkopi wa dayosiziyo. Wansembe salankhula kwa Papa. Amalankhula kwa Mulungu Atate, kumupempha kuti akumbukire Mpingo wake pamodzi ndi Leo, Papa wathu, m'pemphero lomwelo limene timapemphereramo akhristu onse ndi abale athu amene anatisiya.